6 July si ya 1964 yokha

Ndikafunsa a Fomu 4 za 6 July, yankho limakhala limodzi basi: ufulu wodzilamulira, 1964. Sakulakwa, koma tsikuli linasenza zambiri.

Pa 6 July 1958 ndi pamene Dr Kamuzu Banda anatera pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Ine ndimaona kuti zinazi anaziika dala pa tsiku lake lobwererali. Mu 1966, tsiku lomwelo, dziko linasanduka ripabuliki, ndipo malamulo atsopano analola chipani chimodzi chokha, MCP. Mu 1971, tsiku lomwelonso, Kamuzu analumbira kukhala pulezidenti wamuyaya. Apa ndi pamene ndimachedwapo. Tsiku limene tinachotsa atsamunda ndi lomwenso tinalandidwa mphamvu yosankha mtsogoleri, mpaka riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Ifeyo pothamangira kumaliza silabasi, zimenezi timangozilambalala, ndipo inenso ndalambalalapo kangapo.

Palinso 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa geti la Bingu National Stadium ku Lilongwe. Anapita kukakondwerera ufulu womwewo.