Ulusi wokokera nkhope: zomwe zimachitika singano ikalowa, ndi zomwe TikTok sakuonetsani

Mavidiyo ake mwina mwawaonapo. Mayi wagona pakabedi koyera, wina wovala magolovesi akumulowetsa singano yaitali m'tsaya, kenako akukoka kaulusi, tsaya n'kukwera pompo. Pansi alembapo kuti palibe opaleshoni, mphindi 30 zokha, mawa uli kuntchito. Pachingerezi amati thread lift. Zotsatsa zoterezi sizisankha foni, zimafika kwa wa ku Area 47 komanso kwa ife a kuno kwa Chisepo bola bandulo ilipo, ndipo achibale athu ambiri ali ku Joni komwe zipatala zochita zimenezi zili mbwee. Ndiye ndi bwino tidziwe chomwe chinthuchi chili tisanayambe kusirira.

Mwachidule: ulusiwu umakwezadi khungu, koma pang'ono, kwa kanthawi, ndipo ndi ntchito ya chipatala ngakhale otsatsa amaikamba ngati kuluka tsitsi.

Ulusi wake ndi wotani?

Si ulusi wa atelala ayi. Ndi mtundu wa ulusi womwe madokotala amasokera mabala a m'kati mwa thupi, uja wosungunuka wokha. Wofala kwambiri ndi PDO, dzina lonse polydioxanone, womwe wakhala ukugwiritsidwa ntchito pa maopaleshoni kuyambira m'ma 1980. Ukakhala m'thupi umatha pa miyezi pafupifupi 6 kapena kupitirira pang'ono. Palinso PLLA ndi PCL, omwe amachedwerapo kusungunuka, chaka kapena kuposa.

Wina ndi wosalala, wina ali ndi timinga ting'onoting'ono m'mbali. Amene anadutsapo m'munda wa chisoso akudziwa mmene timbewu tija timakakamirira pa chitenje. Timinga ta ulusiwu timagwira mnofu wa pansi pa khungu chimodzimodzi, ndipo dokotala akakoka, mnofuwo umatsatira. Wosalala uja sukweza kanthu. Ntchito yake ndi kuputa thupi kuti lipange collagen, chinthu chomwe chimalimbitsa khungu, pamene likuyesa kudzipoletsa mozungulira ulusiwo. Kunena mosabisa, thupi limapanga kachipsera kakang'ono m'kati, ndipo kachipserako ndi komwe kamagwirako khungu ulusi ukasungunuka.

Mu November 2020, katswiri wa mafilimu wa ku America, Eva Mendes, anaika pa Instagram chithunzi chake singano zili zoo pansi pa chibwano. Umenewo unali ulusi wosalala uja. Chaka chomwecho pa TikTok panatchuka fasho ya fox eye, yokwezera kumapeto kwa nsidze kuti maso aoneke osongoka, ndipo ndi imene inakokera atsikana a zaka za m'ma 20 ku chinthu chomwe poyamba chinali cha amayi akuluakulu.

Nkhaniyi si yatsopano. Dokotala wa ku Georgia, Marlen Sulamanidze, ndi amene anatchukitsa ulusi waminga m'ma 1990, wotchedwa Aptos. Ku America kunabwera wina wotchedwa Contour Threads, wosasungunuka, ndipo unatchuka zedi chapakati pa zaka za m'ma 2000. Pofika 2007 unali utachotsedwa pamsika. Anthu ankadandaula za ulusi wooneka pansi pa khungu, woduka, wotulukira kunja. Mu 2009 madokotala atatu a ku America, Abraham, DeFatta ndi Williams, anatsatira anthu 33 omwe anaikidwa ulusi. Patatha mwezi umodzi onse ankaoneka kuti asintha. Atawaonanso patapita miyezi pafupifupi 21, omwe anangoikidwa ulusi wokha basi kusintha kuja kunali kutazimiririka. Madokotalawo anaganiza kuti zambiri zomwe zinkaoneka poyamba kunali kutupa chabe. Ulusi wa masiku ano ndi wina, wosungunuka, ndipo mavuto ena anachepa, koma mfundo ya kutupayi musaiiwale mukamaona zithunzi za "asanapange" ndi "atapanga" zojambulidwa tsiku limodzi.

Tsiku lenilenilo

Dokotala weniweni sayamba ndi singano, amayamba ndi mafunso. Muli ndi pakati? Muli ndi shuga? Magazi amavuta kusiya mukadzicheka? Mukumwa mankhwala anji? Aspirin ndi bufeni zimachititsa kuti magazi atuluke kwambiri, ndiye amauza munthu asiye kwa masiku angapo, pokhapokha ngati anakulemberani ndi adokotala pa matenda ena, apo musasiye nokha. Ngati chitetezo cha m'thupi mwanu ndi chotsika, nenani, si zochititsa manyazi. Ziphuphu zamafinya kapena zilonda kumaso ziyenera kupola kaye.

Kenako amakukhazikani tsonga n'kujambula mizere pankhope ndi cholembera, amapukuta khungu ndi mankhwala opha tizilombo, n'kubaya jakisoni wa dzanzi, nthawi zambiri lidocaine, yemwe uja amabaya pozula dzino. Simugonekedwa tulo. Amaboola kabowo pafupi ndi khutu kapena m'malire a tsitsi, n'kulowetsa kachitsulo kobooka m'kati komwe kanyamula ulusi, kukayendetsa pansi pa khungu mpaka kutsaya kapena kuchibwano. Akakatulutsa, ulusi umatsala. Amakoka, amakonza khungu ndi zala, n'kudula kotsalako. Mbali iliyonse pamalowa maulusi angapo. Zonse zimatenga pakati pa mphindi 30 ndi ola.

Ululu weniweni sumveka chifukwa cha dzanzi, koma kukoka ndi kukankha kumamveka, ndipo ena amamva kaphokoso m'kati mwa tsaya. Amantha ndi jakisoni, dziwiranitu.

Masabata otsatira, pomwe pali nkhani

Apa ndi pomwe mavidiyo aja amathera, chonsecho ndi pomwe moyo weniweni umayambira. Dzanzi likatha nkhope imawawa, imatupa, ndipo pena pamada chifukwa cha magazi oundana pansi pa khungu. Kutsegula pakamwa kumavuta. Khungu limatha kuoneka lokwinyika kapena lolowa m'kati ngati pilo wosokedwa molimbitsa. Zambiri mwa izi zimatha pa sabata imodzi kapena awiri, ndipo panado amakwanira kwa ambiri.

Malamulo ake ndi awa, ndipo powerenga muziganiza za tsiku lanu mmene limayendera kuno kwathu, osati la wa ku Sandton. Kugona chagada, mutu uli pamwamba, kwa sabata kapena kuposa. Osatikita nkhope kwa masabata atatu kapena anayi, kutanthauza kuti kusamba kumaso kwathu kuja kokhula ndi mphamvu kuyambe kwaima. Osayasamula kwambiri, osaseka mokhadzula kukamwa, osapita kozula dzino. Zakudya zikhale zofewa: phala, nsima yofewa, mazira, nthochi. Chimanga chootcha, nzimbe ndi kanyenya wa pa Mponela ziyambe zadikira. Ntchito yolemetsa ndi yowerama iyenera kupewedwa kwa sabata kapena awiri. Tsono tandiuzani, ndani kwa Chisepo angakhale masabata awiri osapopa pamjigo, osasenza ndowa, osawerama pamoto, osakwera kabaza pamsewu wa mabampu ndi fumbi? Timabowo tija ndi tating'ono, koma ndi zilonda, ndipo ulusi ndi njira yolunjika yoti tizilombo tilowere m'kati.

Nkhope imakhazikika pakatha mwezi kapena iwiri. Kukwera komwe kumatsala ndi kwa mamilimita ochepa. Otsatsa amakonda kunena kuti zimakhala chaka mpaka ziwiri, ena amakokera mpaka zitatu, koma ambiri amaona khungu likubwerera chaka chisanathe, ndipo za nsidze zija zimagwa msanga kuposa pamenepo chifukwa minofu ya pamphumi sipuma. Ukafuna kukhalabe choncho, ubwererenso ndi ndalama zina. Ku America mtengo wake nthawi zambiri umadutsa madola 1,000. Ulusiwu umachokera kunja, South Korea ndi limodzi mwa mayiko opanga wambiri, ndiye ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023 komanso kusowa kwa ndalama zakunja, wina akakuuzani mtengo wofanana ndi wa mesh yapamutu, dzifunseni kuti m'paketimo muli chiyani.

Zikalakwika

Zina ndi zongokhumudwitsa: mbali imodzi kukwera kuposa inzake, kadzenje kosatha patsaya, ulusi kumveka ukagwira kapena kuoneka ngati kamzere. Zina ndi zoopsa. Nsonga ya ulusi imatha kuboola khungu n'kutulukira panja. Pamatha kuchita chithupsa chamafinya. Pali tizilombo tina tapachibale ndi ta TB tomwe timalowa ndi zida kapena madzi osayera, ndipo tikakhazikika mankhwala ake ndi a miyezi yambiri. M'tsaya mumadutsanso mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope ndi kanjira ka malovu. Sizichitika kawirikawiri, koma wosadziwa thupi la munthu akalasa pamenepo, pakamwa pamatha kupotoka. Singano yobwereza kwa anthu awiri, mukudziwa kale, ndi HIV ndi hepatitis B.

Chomwe ambiri sauzidwa n'chakuti palibe jakisoni wosungunula ulusi. Mankhwala ena odzazira masaya ali ndi chowasungunulira ngati munthu sanakonde. Ulusi waminga ayi. Anaupanga kuti ukakamire, ndiye kuuchotsa kumafuna kung'amba pang'ono, ndipo nthawi zina umaduka n'kutsalira. Apo ayi, kudikira miyezi kuti uthe wokha, nkhope ili momwemo.

Ife akhungu lakuda tili ndi zathu ziwiri zapadera. Choyamba ndi zipsera zotupa zija, keloid pachingerezi, zomwe zimakonda khungu lakuda kuposa loyera. Simufunika makina kuti mudziwe. Onani pomwe munaboola makutu, pomwe agogo anakutemerani mphini, kapena chipsera cha katemera paphewa. Ngati panatukuka n'kukula kupitirira bala, kapena ngati pamtundu panu zilipo, singano yodzifunira kumaso si yanu. Ngakhale opanda vutoli amatha kutsala ndi timadontho takuda pobooledwa paja kwa miyezi. Chachiwiri ndi mafuta oyeretsa khungu omwe ali ponseponse m'misika yathu. Ambiri muli hydroquinone kapena ma steroid ngati clobetasol, omwe akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu ndi kuchedwetsa mabala kupola. Pa khungu lopyapyala ulusi umaonekera ndipo umaboola mosavuta. Asisi, ngati mumadzola, muuzeni dokotala zoona, osamuuza kuti ndi kuwala kwachibadwa.

Kodi n'za ndani kwenikweni?

Amene amapindulako ndi a zaka za kumapeto kwa 30 mpaka cha m'ma 50, omwe masaya angoyamba kumene kutsika. Amene khungu lalendewera kwambiri ulusi sungalinyamule, zimenezo ndi za opaleshoni yeniyeni. Ndipo wa zaka 22, kunena zoona, palibe choti akweze. Khungu lakuda limachedwanso kuchita makwinya chifukwa limadziteteza bwino ku dzuwa. Ine ndimaona kuti ambiri chomwe akuthamangitsa ndi nkhope ya fyuluta ya pa foni, yomwe ngakhale mwini vidiyo uja alibe akadzuka m'mawa.

Wobaya ndi ndani, ndipo akhala kuti mawa?

Kuno ku Malawi madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, bungwe lomwe limaperekanso chilolezo ku zipatala zomwe si zaboma. Anamwino ali ndi lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi. Mankhwala ndi zipangizo zake amayang'anira ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kwa amene muli ku South Africa, bungwe lake ndi HPCSA, ndipo dzina la dokotala mukhoza kulifufuza nokha pa intaneti. Satifiketi ya maphunziro a masiku awiri yopachikidwa pakhoma la saluni si chilolezo chobaya munthu. Wobwera ndi chikwama kunyumba kapena ku loji, wolandira ndalama pa Airtel Money asanakuoneni n'komwe, ameneyo musamupatse nkhope. Ulusi wogula pa intaneti n'kudzibaya wekha potsatira YouTube ndiye sitikambanso.

Funsani dzina ndi nambala yake ya kaundula. Funsani dzina la ulusi, muone paketi ili yomata, tsiku lothera ntchito likuoneka, aitsegule inu mukuona, ndipo muijambule ndi foni. Pemphani zithunzi za anthu akhungu ngati lanu zojambulidwa patatha miyezi 6 kapena chaka. Funso lalikulu kwa ife akutali ndi ili: zikavuta ndikabwerera kumudzi, ndiimbire ndani, ndipo wochotsa ulusi ndi ndani? Pa helefu senta yathu, ku Mponela, ku Madisi kapena pa chipatala chachikulu cha Dowa angakuthandizeni mafinya ndi kutentha thupi, koma kufufuza ulusi waminga m'kati mwa tsaya ndi ntchito ya madokotala a opaleshoni, kutanthauza ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe mukafole pamodzi ndi opsa ndi moto ndi ochita ngozi zapamsewu. Amene mukachitira ku Joni, musakwere basi yobwera kumudzi pasanathe masabata awiri ndipo dokotala wanu asanakuoneninso.

Ngati munaikidwa kale ulusi, zizindikiro zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo ndi izi: kutentha thupi, kutupa komwe kukukulirakulira pakatha masiku atatu m'malo mochepa, tsaya kutentha ndi kuwawa kwambiri, mafinya, ulusi kutulukira, pakamwa kupotoka kapena diso kukanika kutseka. Ulusi wotulukira musaukoke, musaudule ndi lezala, musathirepo mankhwala azitsamba kapena kapisozi wothyola. Phimbanipo ndi kansalu koyera, tengani chithunzi cha paketi chija, ndipo mukafika auzeni achipatala tsiku lomwe munabayidwa ndi kuchuluka kwa maulusi omwe analowa mbali iliyonse.