Mankhwala a opioid pa ululu wadzidzidzi: zimene zipatala za ku America zaphunzira

Munthu wothyoka mwendo pa ngozi ya galimoto, kapena wovutika ndi miyala ya mu impso pakati pa usiku, akafika m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, chimene amapempha poyamba n'chakuti ululu uleke. Dotolo amakhala ndi mphindi zochepa zoganizira, ndipo mwina wodwalayo sadzamuonanso. Komabe mapiritsi amene amulembera tsiku limenelo angathe kukhudza moyo wake kwa zaka zambiri. Apa tifotokoza za mankhwala a opioid ndi njira zowaperekera mosamala.

Kodi opioid n'chiyani?

Ili ndi gulu la mankhwala amphamvu opha ululu, ena ochokera ku chomera cha poppy, ena opangidwa motengera omwewo. M'gululi muli morphine, codeine, pethidine, tramadol, oxycodone ndi fentanyl. Amagwira ntchito mu ubongo ndi mu mtsempha wa msana, momwe amatsekereza uthenga wa ululu. Koma mphamvu yomweyo imachepetsanso kapumidwe, kotero kuti womwa mopyola muyeso amagona tulo tofa nato n'kuleka kupuma. Amabweretsanso nseru, kuodzera ndi kudzimbidwa, ndipo thupi likawazolowera limafuna ochuluka kuti limve chimodzimodzi.

Mmene vuto linakulira

Ku United States, kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa OxyContin m'chaka cha 1996, ndipo mu 2007 inavomera mlandu wonamiza anthu za kuopsa kwa mankhwalawa. M'zaka zimenezo madotolo ankalemba ma opioid mowolowa manja, ndipo ambiri amene anawazolowera anadzagwera mu heroin ndi fentanyl wogulitsidwa mobisa. Mu 2021, anthu oposa 80,000 anamwalira m'dzikomo chifukwa cha ma opioid.

Bungwe loona za matenda la CDC linafalitsa mu 2017 kafukufuku woonetsa kufunika kwa masiku oyambirira. Mwa anthu 100 alionse amene anayamba kumwa ma opioid, 6 anali akumwabe patatha chaka. Mwa amene anamwa masiku 8 kapena kuposerapo, chiwerengerochi chinapyola 13, ndipo mwa amene anamwa kupitirira mwezi chinafika pafupifupi 30.

Kuyamba ndi mankhwala ena

M'chaka chomwecho cha 2017, magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza zotsatira za kafukufuku wochitika ku Bronx, mu mzinda wa New York, pa odwala oposa 400 omva ululu wa m'manja kapena m'miyendo. Ena anapatsidwa ibuprofen pamodzi ndi paracetamol, amene kuno timawadziwa ngati bulufeni ndi panado, pomwe ena anapatsidwa ma opioid osakaniza ndi paracetamol. Patatha maola 2, ululu unatsika pafupifupi mofanana m'magulu onse.

Chipatala cha St. Joseph's cha mu mzinda wa Paterson ku New Jersey, chimene chinakhazikitsidwa ndi masisitere a Sisters of Charity of Saint Elizabeth mu 1867, chinayambitsa mu 2016 ndondomeko yotchedwa ALTO, yoyesa kaye njira zina asanafike pa opioid. Wodwala miyala ya mu impso amapatsidwa ketorolac kapena lidocaine wa mu dilipi, ndipo wothyoka fupa amabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi pa mtsempha wopita pamalo ovulalawo. Zipatala 10 za ku Colorado zitayesa njirayi kwa miyezi 6 mu 2017, zinachepetsa ma opioid ndi magawo 36 pa 100 alionse.

Pamene opioid afunikadi

Malangizo a CDC a 2016 ankati pa ululu wadzidzidzi masiku 3 amakwanira nthawi zambiri, ndipo si kawirikawiri kufunika kupyola masiku 7. Ena anatenga ziwerengerozi ngati lamulo, n'kumadukiza mankhwala a odwala amene ankawafunadi. N'chifukwa chake malangizo a 2022 anachotsa malire okhwimawo n'kusiya mfundo izi:

Dotolo alembe mankhwala ogwira msanga n'kutha msanga, osati okhalitsa m'thupi. Apereke mlingo wochepa umene ungathandize, wa masiku amene ululu waukulu ukuyembekezeka kukhalapo. Afunse za mankhwala ena amene wodwala akumwa, chifukwa opioid akaphatikizana ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa monga diazepam, kupuma kungathe kuima. Asamale koposa ndi okalamba ndiponso odwala impso, chiwindi kapena mapapo. Amene ali pachiopsezo apatsidwenso naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya opioid, amene ku America analoledwa mu 2023 kugulitsidwa popanda kalata ya dotolo. Wodwala naye auzidwe kuti mapiritsi atsekeredwe patali ndi ana, asagawidwe kwa achibale, ndipo otsala asasungidwe kudikira tsiku lina.

Mau otsiriza

Tisaiwale kuti pali ululu umene panado sangauthe. Wopsa ndi moto, wophwanyika mafupa, wodwala khansa kapena sickle cell ayenera kulandira morphine mosazengereza, ndipo bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. M'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo lathu lino, odwala ochuluka amavutika chifukwa cha kusowa kwa morphine. Choncho chimene tikuphunzira ku America si kuopa mankhwalawa, koma kuwapereka kwa wowafunadi, pa mlingo woyenera, kwa masiku owerengeka, ndiponso titamufotokozera bwino wodwala asanatuluke pakhomo pa chipatala.