Mayeso olowera ntchito m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi a boma ku India

Chaka ndi chaka, achinyamata ambirimbiri omwe amaliza maphunziro awo kuyunivesite m'dziko la India amalemba mayeso opikisana pofuna ntchito m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi omwe ali m'manja mwa boma. Ntchitozi amazilimbirana chifukwa n'zokhazikika, malipiro ake amatsata ndondomeko yodziwika ndipo wogwira ntchito amatha kukwezedwa mpaka pa maudindo akuluakulu. Popeza ofuna ntchito amachuluka kwambiri kuposa malo omwe alipo, kukhoza kokha sikokwanira. Amene amatengedwa ndi okhawo omwe aposa anzawo, ndipo kusiyana kwa malikisi ochepa chabe kumachititsa munthu kudikira chaka china.

Mbiri ya mayesowa

Pa 19 July 1969 boma la Mayi Indira Gandhi lidatenga mabanki akuluakulu 14 n'kuwaika m'manja mwake, ndipo mu 1980 lidatenganso ena 6. Nthambi za mabanki zitayamba kufalikira m'madera a kumidzi, padafunika antchito ochuluka komanso njira yowasankhira yopanda tsankho. Mu 1975 padakhazikitsidwa nthambi yoona za kasankhidwe ka antchito pansi pa sukulu ya National Institute of Bank Management. Nthambiyi idaima payokha mu 1984 ndi dzina loti Institute of Banking Personnel Selection, mwachidule IBPS, ndipo likulu lake lili mumzinda wa Mumbai. Kuyambira mu 2011 bungweli limalembetsa mayeso amodzi m'malo mwa mabanki angapo a boma.

Mabanki a boma ataphatikizidwa mu 2020 adatsala 12. Mwa amenewa, 11 amalemba antchito kudzera ku IBPS pomwe State Bank of India, yomwe idakhazikitsidwa mu 1955 ndipo ndiyo yaikulu kuposa onse, imalengeza yokha mayeso ake. Banki yaikulu ya dzikolo, Reserve Bank of India, nayonso ili ndi mayeso akeake. IBPS imalembetsanso mayeso a mabanki a kumidzi, omwe adayamba mu 1975.

Kumbali ya inshuwalansi, boma lidakhazikitsa Life Insurance Corporation of India, mwachidule LIC, pa 1 September 1956 pophatikiza makampani ndi mabungwe 245 a inshuwalansi ya moyo. Inshuwalansi ya katundu, galimoto ndi ngozi idalowa m'manja mwa boma potsatira lamulo la mu 1972, ndipo makampani anayi a boma pa ntchitoyi ndi New India Assurance, National Insurance, Oriental Insurance ndi United India Insurance.

Oyenera kulemba

Maudindo odziwika kwambiri m'mabanki ndi awiri. Woyamba ndi wa Probationary Officer, mwachidule PO, yemwe amayamba ngati ofisala wophunzira ntchito. Wachiwiri ndi wa kalaliki, womwe masiku ano umatchedwa Customer Service Associate. Ku LIC udindo womwe ambiri amaulakalaka ndi wa Assistant Administrative Officer.

Wofuna udindo wa PO kudzera ku IBPS ayenera kukhala ndi digiri ya maphunziro alionse komanso zaka zapakati pa 20 ndi 30, pomwe wofuna ukalaliki ayenera kukhala wa zaka 20 mpaka 28. Malamulo a dzikolo amapatula malo a anthu ochokera m'magulu omwe adasalidwa kwa nthawi yaitali, ndipo ena mwa iwo amawaonjezera zaka 3 kapena 5 pa malire a msinkhu. Anthu aulumali amawaonjezera zaka 10.

Mayesowa ndi a nzika za India, koma malamulo ake amatchulanso Malawi ndi Zambia. Munthu wa mtundu wa Chimwenye yemwe wasamuka kuchoka m'maiko monga Kenya, Uganda, Tanzania, Zambia ndi Malawi ndi cholinga chokakhazikika ku India amaloledwa kulemba, bola akhale ndi chikalata chomuyenereza chochokera ku boma la India.

Kalembera amachitika pa intaneti. Wolembetsa amatumiza chithunzi chake, siginecha, chidindo cha chala chachikulu cha kumanzere ndi mawu olumbira olemba pamanja. Mabanki amafunanso kuti munthu wolowa ntchito asakhale ndi mbiri yolephera kubweza ngongole.

Magawo a mayeso

Mayeso a PO ali ndi magawo atatu ndipo awiri oyambirira amalembedwa pa kompyuta. Gawo loyamba ndi losefera anthu chabe. Lili ndi mafunso 100 oyankha mu ola limodzi: 30 a Chingerezi, 35 a masamu ndi 35 oyesa kaganizidwe. Chigawo chilichonse chili ndi mphindi 20 zakezake, moti nthawi ikatha kompyuta imapititsa munthu ku chigawo china ngakhale asanamalize. Izi zikutanthauza kuti funso limodzi la masamu limakhala ndi masekondi pafupifupi 34.

Opambana amalemba mayeso aakulu, omwe amafunsa za kaganizidwe, kumasulira ziwerengero za m'matebulo ndi m'magirafu, Chingerezi, nkhani za chuma ndi za mabanki, kuphatikizapo kulemba chimangirizo m'Chingerezi. Gawo lomaliza ndi mafunso apakamwa pamaso pa akuluakulu a mabanki. Posanja maina a opambana, IBPS imatenga magawo 80 pa 100 alionse kuchokera ku mayeso aakulu ndi magawo 20 kuchokera ku mafunso apakamwa. Malikisi a gawo loyamba sawerengedwa pamenepa. Ofuna ukalaliki salowa mafunso apakamwa, koma amayenera kudziwa chiyankhulo cha m'chigawo chomwe akufuna kukagwirako ntchito.

Chifukwa chakuti olemba amachuluka, mayeso amodzi amalembedwa pa nthawi zosiyanasiyana ndi mafunso osiyana. Bungweli limalinganiza malikisi pofuna kuti omwe adakumana ndi mafunso ovutirapo asaponderezedwe.

Mayeso a inshuwalansi amatsata njira yofananako. Kusiyana kwake n'kwakuti mayeso aakulu a LIC amafunsanso za inshuwalansi ndi misika ya ndalama, ndipo pa gawo loyamba Chingerezi chimangofunika kukhoza koma malikisi ake salowa pa mpikisano.

Chilango cha yankho lolakwa

Pa mayeso a IBPS funso lililonse limakhala ndi mayankho asanu oti munthu asankhepo limodzi. Akalakwa, amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi a funsolo, koma akalisiya osayankha sachotseredwa kanthu. Choncho mayankho anayi olakwa amafafaniza yankho limodzi lolondola. Munthu wongolota mayankho a mafunso asanu amayembekezeka kukhoza limodzi n'kulakwa anayi, ndipo mapeto ake sapindula kalikonse. Kuyerekeza kumathandiza pokhapokha munthu atachotsapo kale yankho limodzi kapena angapo omwe akudziwa kuti si olondola.

Kakonzekeredwe

Masamu a pa mayesowa saposa kwenikweni a ku sekondale. Chovuta ndi liwiro, popeza pa mafunsowa munthu amawerengera m'mutu kapena papepala. Mitu yomwe imabwerabwera ndi maperesenti, phindu ndi kuluza pa malonda, nthawi ndi mtunda, kagawidwe ka ntchito pakati pa anthu, mndandanda wa manambala komanso chiwongoladzanja. Mwachitsanzo, ndalama zokwana 10,000 rupee pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka zimabala 2,000 rupee pa zaka ziwiri ngati chiwongoladzanjacho n'chosaonjezera, koma zimabala 2,100 rupee ngati cha chaka choyamba chaphatikizidwa ku mpamba. Wokonzekera bwino amaona kusiyana kwa 100 rupee kumeneku asanagwire cholembera. N'chifukwa chake ambiri amayamba ndi kuloweza matebulo ochulukitsa ndi mafulakishoni m'maperesenti.

Mafunso oyesa kaganizidwe nthawi zambiri amafotokoza za anthu angapo okhala pa mzere, mozungulira tebulo kapena m'zipinda zosanjikizana za nyumba, ndipo wolemba amayenera kupeza malo a aliyense potsatira mfundo zomwe wapatsidwa. Nkhani imodzi yotere imabala mafunso anayi kapena asanu. Ikasokonekera imadya theka la nthawi, kotero luso lalikulu ndi kuzindikira msanga funso loyenera kulidumpha.

Pa Chingerezi, njira yodalirika ndi kuwerenga nyuzipepala tsiku lililonse, makamaka ndemanga za akonzi ndi masamba a za chuma. Kuwerengaku kumathandizanso pa mafunso a zochitika m'dziko, omwe kawirikawiri amachokera pa nkhani za miyezi ingapo mayeso asanafike. Wolemba amayenera kudziwa tanthauzo la repo rate, chomwe ndi chiwongoladzanja chimene Reserve Bank of India imabwereketsera ndalama ku mabanki, komanso njira zotumizira ndalama monga NEFT, RTGS ndi UPI, yomwe idayamba mu 2016. Wofuna ntchito ya inshuwalansi amaphunziranso za udindo wa bungwe la IRDAI, lomwe limayang'anira makampaniwa kuchokera mumzinda wa Hyderabad, ndi mfundo zoyendetsera ntchitoyi, monga yakuti wogula inshuwalansi aulule zoona zonse ndi yakuti pa inshuwalansi ya katundu chipukutamisozi chisapose zomwe zaonongeka.

Chida china chofunika ndi mayeso oyeserera, omwe amalembedwa pa kompyuta potsatira nthawi yeniyeni. Phindu lake limaoneka munthu akakhala pansi n'kuunika mafunso omwe walakwa, omwe wasiya ndi omwe amudyera nthawi. Ena amalipira sukulu zapadera zokonzekeretsa mayeso, monga za m'tauni ya Nandyal m'chigawo cha Andhra Pradesh, pomwe ena amaphunzira okha kudzera pa foni ndi pa YouTube. Popeza mitu yambiri n'njofanana, munthu mmodzi amatha kukonzekera kamodzi n'kulemba mayeso a IBPS, a State Bank of India ndi a inshuwalansi m'chaka chomwecho.

Chinyengo ndi chilango chake

Mu 2024 nyumba ya malamulo ya India idavomereza lamulo lothana ndi chinyengo pa mayeso a boma, ndipo mayeso a IBPS ali m'gulu la omwe lamuloli limawateteza. Wopezeka wolakwa pa milandu monga kutulutsa mafunso nthawi isanakwane kapena kusokoneza makompyuta a mayeso amalamulidwa kukakhala kundende zaka 3 mpaka 5 komanso kulipira chindapusa chofika 1 miliyoni rupee. Magulu ochita chinyengo mwadongosolo amalandira chilango cha zaka 5 mpaka 10.

Chiwerengero cha malo, masiku a mayeso ndi kagawidwe ka malikisi zimasintha chaka ndi chaka. Pa chifukwa ichi wofuna kulemba amayenera kuwerenga chidziwitso chonse cha chaka chimenecho chochokera ku bungwe lolembetsa mayeso asanalipire ndalama ya kalembera.