Zilembo za Didot ndi Bodoni Pamsewu wa ku Makokola

Pamakadi aukwati, pamapepala a zakudya m'malo ogona alendo, ngakhalenso pazikwangwani zina za m'mbali mwa msewu wa M10 wochoka ku Mangochi kudzera pa Makokola kupita ku Monkey Bay, pamaoneka zilembo zamtundu wake: mizere yoimirira ndi yonenepa, yopingasa ndi yoonda ngati tsitsi, ndipo kumapeto kwake kuli timapazi tosongoka. N'zokongola ndithu, koma mbiri yake ikutiuza kuti zinapangidwira maso amene ali pafupi ndi pepala.

Chiyambi chake chili ku Birmingham, kumene John Baskerville anasindikiza ndakatulo za Virgil mu 1757 papepala losalala kwambiri, ndi inki yakuda bii yomwe ankasakaniza yekha. Pepala lokhakhala la kale linkameza mzere woonda, pomwe losalalali linkausunga. Ataona kuti n'zotheka, Firmin Didot wa ku Paris, cha mu 1784, ndi Giambattista Bodoni wa ku Parma anaondetsanso mizereyo kufika pamapeto penipeni. Buku lalikulu la zilembo za Bodoni, Manuale Tipografico, analitulutsa ndi mkazi wake mu 1818, mwiniwake atamwalira kale. Ku London osindikiza malonda anazinenepetsa kuti zizikuwa pamakoma, ndipo pambuyo pake magazini a zovala monga Vogue ndi Harper's Bazaar anazisandutsa chizindikiro cha zinthu zapamwamba. Lero wachinyamata wa ku Mangochi amene ali ndi foni amapeza zilembo zofanana nazo zotchedwa Playfair Display, zomwe Claus Eggers Sørensen anatulutsa mu 2011, popanda kulipira kalikonse.

Mphamvu ya zilembozi yagona pa mzere woondawo, ndipo kufooka kwake kuli pomwepo. Pamutu wa nkhani, padzina la mkwati ndi mkwatibwi, kapena pachikuto cha kabuku konena za chilumba cha Boadzulu, zikalembedwa zazikulu ndi kupatsidwa malo okwanira, zimapereka ulemu umene zilembo zina sizingapereke. Zikachepetsedwa kuti zinyamule mitengo ya chambo kapena nambala za foni, timizere tija timasowa, munthu n'kumangoona mipanda yakuda. Chichewa chimavutika koposa, chifukwa mawu athu ndi aatali, odzaza ndi m, n ndi w, ndipo kachipewa ka pa ŵ mu dzina la Malaŵi ndiko kamayamba kufufutika.

Ena anganene kuti makina a masiku ano amasindikiza mzere ngakhale woonda bwanji popanda vuto. N'zoona, koma makina amangotulutsa chikwangwani. Sathetsa dzuŵa la mu Okutobala kunyanja, fumbi, kapena liŵiro la minibasi momwe wokwera ali ndi kamphindi chabe koŵerenga dzina. N'chifukwa chake zikwangwani za pamsewu zimalembedwa ndi mizere yofanana kunenepa, monga zilembo za Transport zimene Jock Kinneir ndi Margaret Calvert anakonzera misewu ya ku Britain kuyambira mu 1957. Enanso amati mlendo wandalama amakopeka ndi zilembo zoterezi. Atha kukopeka akakhala patebulo, pepala lili m'manja. Koma kuti afike patebulopo ayenera kuyamba waona pokhotera, ndipo amisiri athu olemba maina pamaboti ndi pamagolosale ndi burashi anazidziŵa kale zimenezi: amanenepetsa mzere uliwonse kuti penti ikayamba kusuluka dzina likhale likuŵerengekabe.