MBIRI YA KWAYA M'DZIKO LA KOREA

Mukaimirira m'kwaya pa Sabata, ena soprano, ena alto, ena tena ndi ena besi, kodi mudadzifunsapo kuti kaimbidwe kameneka kanafika bwanji kwa mitundu ya anthu? Lero tiyeni tipite ku Korea, dziko la kum'mawa kwa Asia, timve za ulendo wa abale athu a kumeneko.

Pa tsiku la Pasaka, pa 5 April 1885, amishoni awiri ocokera ku America, a Horace Underwood a mpingo wa Presbyterian ndi a Henry Appenzeller a Methodist, anatsika m'combo pa doko la Jemulpo, limene lero ndi mzinda wa Incheon. Anatsegula masukulu, ndipo m'menemo ana anayamba kuphunzira nyimbo za Mulungu. M'caka ca 1894 a Underwood anasindikiza buku la nyimbo lochedwa Chanyangga, lolembedwa m'mau anai.

Musaganize kuti Akorea analibe nyimbo zao. Anali nazo zambiri, koma kaimbidwe kao kanali kosiyana. Mu pansori, munthu mmodzi amaimba nthano yaitali ndi mau okhakhala, mnzace akuomba ng'oma. M'nyimbo za kumunda mmodzi amatsogolera, ena nabvomera, monga ticita kuno kwathu. Woimba amagwedeza liu, kulitsetsereka ndi kulipinda, ndipo luso limeneli amalicha sigimsae. Za mau anai oyendera pamodzi sanazidziwe. Motero kwa zaka zambiri nyimbo za m'kacisi zinali za Azungu, ndipo za makolo zinatsala kunja.

Kucokera mu 1910 kufikira mu 1945 dziko la Korea linali m'manja mwa Japan. Masiku amenewo ngakhale nyimbo ya pfuko lao anali kuiimba pa cuni ca ku Scotland, mpaka a Ahn Eak-tai, amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Pyongyang, anapeka cuni catsopano. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inasiya ana amasiye osawerengeka. Mkati mwa mabvuto amenewo, mu 1953, a Na Un-yung anaika Salimo 23 m'nyimbo yomveka Cikorea. Iwo anali kuphunzitsa kuti nyimbo iyambe yamera mizu m'nthaka ya kwao, zatsopano zibwere pambuyo. Mu 1960 bungwe la World Vision linayambitsa kwaya ya ana amasiye, imene inakaimba m'maiko ambiri.

Mmodzi wa oimbitsa kwaya ya anayo anali a Yoon Hak-won, obadwa mu 1938. Mu 1995 anatenga udindo wotsogolera Incheon City Chorale, ndipo anagwira nchito ndi mai wopeka nyimbo, a Woo Hyo-won. Bvuto limene anakumana nalo inunso mungathe kulimvetsa. Kwaya ya Cizungu ifuna kuti liu likhale cilili, kuti mau anai agwirizane. Nyimbo ya Cikorea ifuna kuti liu ligwedezeke. Anthu 40 akagwedeza liu yense mwa iye yekha, nyimbo imasanduka phokoso. Ndiye woimbitsa ayenera kusankha: apa apatse luso lija kwa woimba mmodzi ena atagwira liu lao, apo aphunzitse gulu lonse kutsetsereka nthawi imodzi. Ayeneranso kudziwa kamenyedwe ka ng'oma ka kwao, kochedwa jangdan, kamene nthawi zambiri kamayenda patatupatatu ndipo kamatsata mpweya wa woimba.

Mu 2009 kwaya ya Incheon inaimba pa msonkhano waukulu wa oimbitsa makwaya a ku America, mu mzinda wa Oklahoma City. Ina mwa nyimbo zao inali Me-Na-Ri ya mai Woo, m'mene oimba amagawika m'magulu atatu, namwazikana m'nyumba yonse, ng'oma zikulira. Akatswiri aja anaimirira ndi kuomba m'manja. Taonani: mzinda umene unalandira amishoni mu 1885 unatumiza kwaya kukadabwitsa dziko la amishoniwo patapita zaka 124.

Nanga ife tiphunzirapo ciani? Akorea sanataye mau anai amene analandira, ndipo sanacite manyazi ndi nyimbo za makolo ao. Anaphunzira zonse ziwiri mozama, cifukwa kusakaniza zinthu zimene sunazidziwe bwino kumangoononga. Inu oimbitsa makwaya, limbikirani manoti anu, komanso pitani kwa agogo mukamve m'mene amatsogolera ndi kubvomera nyimbo pamtondo ndi pamaliro. Agogowo sadzakhala nafe masiku onse, ndipo cimene simudzaphunzira kwa iwo cidzapita nao kumanda. Pa kukumana kwanu kwa sabata ino werengani Salimo 150, ndipo mukambirane: ndi nyimbo iti ya kwanu imene kwaya yanu ingapereke kwa Ambuye caka cino?