Momwe maboma a county ku America amaperekera makontrakiti ndi kugulitsira katundu wa boma

Dziko la United States of America lili ndi zigawo 50, ndipo pafupifupi chigawo chilichonse chinagawidwa m'maboma ang'onoang'ono otchedwa county. Mabomawa alipo oposa 3,000 ndipo ntchito zawo zikufananako ndi za makhonsolo athu a m'maboma. Mwa zina, amasamala misewu ndi milatho ya m'madera, amayendetsa ndende ndi ntchito zaumoyo, amasunga zikalata za umwini wa malo, amatolera msonkho wa malo ndi nyumba komanso m'zigawo zambiri ndiwo amayendetsa chisankho.

Kukula kwa ma county kumasiyana kwambiri. Chigawo cha Texas chili ndi ma county 254 pomwe cha Delaware chili ndi atatu okha. County ya Los Angeles ku California ili ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, pomwe ya Loving ku Texas inapezeka ndi anthu osakwana 100 pa kalembera wa chaka cha 2020. Ku Louisiana mabomawa amatchedwa parish, ku Alaska amatchedwa borough, ndipo chigawo cha Connecticut chinathetsa maboma a county m'chaka cha 1960.

Oyendetsa county ndi misonkhano yawo

Ma county ambiri amayendetsedwa ndi bungwe la makomishinala osankhidwa ndi anthu, omwe kawirikawiri amakhala atatu kapena asanu. Ku Texas bungweli limatchedwa Commissioners Court ndipo muli makomishinala anayi ndi wapampando yemwe udindo wake ndi County Judge. Maudindo ena monga msungichuma, mlembi ndi mkulu wa zachitetezo wotchedwa sheriff nawonso amachita kusankhidwa ndi anthu m'madera ambiri.

Zambiri zomwe makomishinala amakambirana ndi nkhani za masiku onse: kuvomereza mabilu oti alipidwe, kugula miyala ndi phula zokonzera misewu, kuwonjezera nthawi ya kontrakiti kapena kugulitsa galimoto zakale. Ngakhale nkhanizi zimaoneka zazing'ono, ndalama za msonkho zimatetezedwa kapena kusakazidwa pa ziganizo zoterezi, ndipo n'chifukwa chake malamulo amafuna kuti zizipangidwa poyera.

Chigawo chilichonse chili ndi lamulo lokakamiza mabungwe a boma kuchita misonkhano yawo anthu akuona. Ku California lamuloli limatchedwa Brown Act ndipo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1953. Malinga ndi lamulolo, mndandanda wa zokambirana uyenera kuikidwa poonekera kutatsala maola 72 kuti msonkhano uchitike, ndipo nzika zili ndi ufulu wolankhulapo. Chigawo cha Florida chinakhazikitsa lamulo lotere m'chaka cha 1967.

Pofuna kusunga nthawi, nkhani zomwe zikuoneka kuti palibe angazitsutse zimaikidwa pa mndandanda umodzi, wotchedwa consent agenda, n'kuvomerezedwa ndi voti imodzi. Komishinala aliyense ali ndi mphamvu yochotsapo nkhani iliyonse kuti ikambidwe payokha. Chitetezo cha ndondomekoyi chagona pamenepa, pakuti ngati palibe wawerenga mapepala msonkhano usanayambe, kontrakiti yokayikitsa itha kudutsa pamodzi ndi mabilu a mafuta ndi magetsi.

Kaperekedwe ka makontrakiti

Chigawo chilichonse chimaika mlingo wa ndalama womwe ntchito kapena katundu akapitirira, county iyenera kulengeza poyera kuti makampani apikisane. Makalata a mitengo amabwera omata ndipo amatsegulidwa pa tsiku ndi nthawi yomwe inalengezedwa, aliyense wofuna kuonerera alipo. Kontrakiti imapita kwa yemwe wapereka mtengo wotsika mwa makampani omwe akwaniritsa zofunika ndipo angathe kugwira ntchitoyo. Kugawa ntchito imodzi m'zidutswa pofuna kuzemba mlingowo n'koletsedwa.

Zomwe zinachitika m'chigawo cha Oklahoma zikuonetsa chifukwa chomwe malamulowa ali ofunikira. Kumeneko komishinala aliyense ankagula yekha zipangizo zokonzera misewu ya m'dera lake popanda womuunika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kafukufuku wa bungwe la FBI anapeza kuti ogulitsa zipangizo ankapatsa makomishinala chiphuphu cha ndalama 10 pa 100 iliyonse, ndipo nthawi zina county inkalipira katundu yemwe sanabwere n'komwe, ndalamazo n'kugawana. Anthu oposa 200, ambiri mwa iwo makomishinala ndi omwe anakhalapo makomishinala, anapezeka olakwa, ndipo mlanduwo unakhudza ma county pafupifupi 60 mwa 77 a m'chigawocho. Zitatero, chigawocho chinakhwimitsa malamulo ake ogulira katundu.

Kugulitsa katundu ndi malo

Katundu wa county yemwe watha ntchito, monga mathirakitala, galimoto ndi mipando ya mu ofesi, sagulitsidwa ndi mkulu wa dipatimenti payekha. Makomishinala amayamba avomereza pa msonkhano kuti katunduyo safunikanso, chiganizocho n'kulembedwa m'maminitsi, kenaka amagulitsidwa pa okushoni kapena kudzera m'makalata omata. Masiku ano ma county ambiri amachita okushoni yotere pa intaneti.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya nyumba ndi malo omwe eni ake alephera kulipira msonkho. Malamulo amalola county kulanda ndi kugulitsa malowo mwini wake atachenjezedwa ndi kupatsidwa nthawi yolipira. Kwa zaka zambiri, zigawo zina zinkalola boma kusunga ndalama zonse zogulitsira, ngakhale zitaposa ngongoleyo.

Mchitidwewu unafika ku khothi lalikulu la Supreme kudzera mu mlandu wa mayi wina wa zaka 94 wa mu mzinda wa Minneapolis. Mayiyu anali ndi ngongole ya msonkho, chiwongoladzanja ndi chindapusa yokwana pafupifupi madola 15,000. County ya Hennepin inagulitsa nyumba yake pa madola 40,000 ndipo inasunga ndalama zonse. Pa 25 May 2023 oweruza onse asanu ndi anayi anagamula kuti boma litha kutenga zomwe munthu ali nazo ngongole, koma kusunga zotsalazo n'kulanda chuma cha nzika popanda chipukutamisozi, zomwe malamulo oyendetsera dzikolo amaletsa.

Ntchito zothandiza anthu ndi ngongole

Ntchito zikuluzikulu monga zamadzi, zipatala ndi ndende zimafuna ndalama zochuluka, choncho ma county amabwereka ndalama zomwe amabweza pa zaka zambiri kuchokera ku msonkho kapena mabilu omwe anthu amalipira.

County ya Jefferson ku Alabama, komwe kuli mzinda wa Birmingham, inavomera m'chaka cha 1996 kukonza mapaipi ake ochotsa zonyansa, omwe ankaipitsa mitsinje. Mtengo wa ntchitoyo unakwera mpaka kupitirira madola 3 biliyoni, ndipo makhothi anapeza kuti akuluakulu ena a county ankalandira ziphuphu kuchokera kwa makontrakitala. Makomishinala anasainanso mapangano a ngongole ovuta kumvetsa, omwe chiwongoladzanja chake chinakwera kwambiri pa mavuto a zachuma a chaka cha 2008.

Larry Langford, yemwe anakhalapo wapampando wa makomishinala ndipo kenaka anakhala mfumu ya mzinda wa Birmingham, anapezeka wolakwa pa milandu ya ziphuphu m'chaka cha 2009 ndipo anagamulidwa kukakhala kundende zaka 15. Mu November 2011 county inalengeza kukhothi kuti yalephera kubweza ngongole zoposa madola 4 biliyoni. Mtolo waukulu unagwera anthu wamba: mabilu awo anakwera kangapo, ogwira ntchito ambiri anachotsedwa, ndipo chipatala cha county cha Cooper Green chinaleka kugoneka odwala kumapeto kwa 2012.

Kufanana kwake ndi kuno kwathu

Kuno ku Malawi, lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo woyendetsa ntchito zambiri zothandiza anthu. Lamulo loyendetsera kagulidwe ka katundu wa boma linabwera m'chaka cha 2003, ndipo la 2017 linaphatikizapo kagulitsidwe ka katundu wa boma yemwe watha ntchito. Kuyambira 2005 mpaka chisankho cha May 2014, makhonsolo anayenda popanda makhansala osankhidwa ndi anthu.

Mayina a maudindo ndi kukula kwa ndalama n'kosiyana, koma ntchito ya wogwira m'boma ndi imodzimodzi: kulengeza ntchito poyera, kusunga makalata onse a mitengo, kulemba maminitsi omveka ndi kuonetsetsa kuti yemwe wagula katundu si yemweyo wosainira kuti katunduyo wafika. Ku Oklahoma ndi ku Jefferson komwe, ndalama zinayamba kutayika pa ziganizo zomwe zinkaoneka ngati za masiku onse.