Cotupa cimene cinagwidwa cifukwa ca dyela

Ambili a ife timaona BP ngati matenda a ambuya. Koma kuli cotupa cina cimene cimakweza BP ngakhale ya wacinyamata. Cimamela pa tuziwalo tuwili tokhala pamwamba pa impso, tochedwa adrenal, ndipo cimathila adrenaline ndi noradrenaline m'magazi mopanda muyeso. Mwadzidzidzi mutu uwawa, thukuta kamukamu, mtima ugunda ngati wathamangitsidwa ndi galu. Pakapita kanthawi zonse zii, mpaka tsiku lina.

Mu 1886 dokotala wa ku Germany, Felix Fränkel, analemba za mtsikana wa zaka 18 amene anamwalila atavutika ndi zizindikilo zotele. Atapima mtembo anapeza zotupa pa adrenal zonse ziwili. Mu 1912 Ludwig Pick anacipatsa dzina lovuta pakamwa lija, pheochromocytoma, ndipo mu 1926 César Roux ku Switzerland ndi Charles Mayo ku America anacicotsa mwa opaleshoni, odwala nʼkucila.

Kudula kunatheka, koma udula pati? Kupima mikodzo kunali kuonetsa kuti cotupa cilipo, osati pamene cili. Zina zimamela kutali ndi impso, m'mbali mwa msana, ngakhale m'cikhodzodzo. Zinanso zimabisala moyo wonse: Dwight Eisenhower, amene anali pulezidenti wa America ndipo anali ndi madokotala apamwamba, cake cinapezeka atamwalila mu 1969. Coipa kwambili nʼcakuti pa maikulosikopu nʼzovuta kudziwa ngati cotupaci ndi khansa. Umboni weniweni ndi kucipeza citafalikila ku mafupa, ciwindi kapena mapapo.

Yankho linacokela ku University of Michigan, ku gulu la William Beierwaltes. Apa ndiye pamene nkhani imanikondweletsa, cifukwa iwo anasiya kufunafuna maonekedwe a cotupa nʼkuyamba kuganiza za khalidwe lake. Maselo ake amameza noradrenaline ndi kuisunga. Katswili wa zamankhwala Donald Wieland anapanga mankhwala ofanana nayo, MIBG, nʼkumangililapo iodine-131 yotulutsa radiation. Ili ngati nyambo pa mbedza. Wodwala amalasidwa nyeleti, cotupa cimameza cakudya cabodzaco, ndipo patapita tsiku limodzi kapena angapo, kamela yochedwa gamma camera imajambula thupi lonse. Pamene pali cotupa pamaonekela, kaya ndi cimodzi kapena cafalikila. Asanalasidwe, wodwala amamwa iodine wamba kuti cithokomilo cikhute, cisameze ya radiation ija.

James Sisson ndi anzake anafalitsa zotulukapo zoyamba mwa odwala mu 1981. Posakhalitsa zinadziwika kuti neuroblastoma, khansa ya ana aangʼono, nayonso imameza MIBG. Ndiye panabwela nzelu ina: ngati cotupa cimameza kamlingo kocepa kojambulila, nanga titacipatsa wambili? Radiation imacitentha cili mkati. Madokotala a ku Rotterdam, motsogoleledwa ndi Eric Krenning, anatsata njila imodzimodzi pa zotupa za neuroendocrine za m'matumbo ndi m'kapamba, pogwilitsila nchito octreotide.

Masiku ano pojambula ambili amakonda iodine-123 cifukwa cithunzi cake cimaoneka bwino. Koma mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 13 alionse, pamene ya iodine-131 imatenga masiku 8. Cipatala cili kutali ndi kumene amaipanga cimadalila ndeke, ndipo ndeke ikacedwa tsiku limodzi, mʼbotolo mumatsala mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu.